Chivundikiro cha Mbale ya Mlombwa

Atsibweni ake a Felesta anakwera basi yobwerera ku Dedza Lachiwiri m'mawa, tambala atamudya, thenga osamuona. Anayenda mtunda wonsewo kudzamva mawu a Wallace Zgambo, mphunzitsi wa pa Boma la Mzimba, amene ankati akwatira mwana wa mlongo wawo. Loweruka lonse anakhala pakhonde ali m'jekete, maso kumsewu. Thenga, munthu amene Atumbuka amamutuma kukafunsira mbeta, sanatulukire. Lamulungu zii. Lolemba zii. Wallace mwiniwake naye osaoneka.

Basi itanyamuka, Anaphiri, amake Felesta, anabwerera kunyumba atafufuma. Amuna awo, a Kizito, anali paulendo ndi galimoto ya chipatala imene ankayendetsa, choncho panalibe wowagwira pakamwa.

"Tambala wanga wa mbewu wapita," anatero ataima pakhomo, manja m'chiuno. "Mlongo wanga ndamuchotsa kumunda kuti adzaothere dzuwa la ku Mzimba. Ndiye iwe wakhala apo ukusisita chithabwa!"

"Amayi, mwina kwawo kwagwa zovuta."

"Maliro samveka? Pa Boma pano galu wa a Disi akatsokomola tonse timamva. Kwawo ku Manyamula kwasanduka ku Joni?"

Pamiyendo pa Felesta panali chivundikiro cha mtengo wa mlombwa, chofiirira, chosalala ngati tsaya la khanda. Anangoweramira pomwepo.

*

Wallace sankagulitsa mbale. Kusema kunali kukonda kwake chabe, monga ena amakondera bawo. Kuseri kwa nyumba yake ya kusukulu kunali kachisakasa ka udzu, m'menemo muli makina opanga yekha: nsichi ziwiri, misomali ikuluikulu yogwira chipika uku ndi uku, ndi lamba wa chikopa cha ng'ombe. Wina amakhala pansi n'kumakoka lambayo, dzanja ili kenako ilo, chipika n'kumazungulira, wosema n'kumagunditsa tchizulo. Makina amenewo munthu mmodzi sangawayendetse.

Felesta anayamba ngati masewera. Ankachokera kuchigayo, anamva kwee, kwee, anasuzumira pampanda. Mnzake wa Wallace amene ankakoka tsikulo anali atatopa. Wallace anati, "Poti mwaima, mlongo, tagwirani apa." Anagwira. Loweruka lotsatira anagwiranso. Matuza anaphulika, anapola, zikhatho zinauma gwa. Utuchi wa mlombwa unkamudzaza m'tsitsi, iye akungoseka.

Chimodzi chokha Wallace ankamukaniza. Felesta akati, "Tandibwerekani tchizulo, nanenso ndiyese," iye ankayankha, "Yayi, Fele. Chitsulo ichi si cha akazi, chingakudule. Iwe koka." Ndipo ankakoka.

Mbale ya ukwati wawo anaisema limodzi. Chipika chimodzi Wallace anachidula pawiri, mbale ndi chivundikiro chake, kuti mizere ya mtengo ikumane. Anati chivundikiro chochokera ku chipika china chimagwedera ndipo maso amachikana. Atasema koyamba, mtengo ukadali wauwisi, anazikwirira m'thumba la utuchi dzinja lonse kuti ziume pang'onopang'ono osang'aluka. Mvula itatha anazibwezera pamakina, anasalaza, anapaka phula la njuchi. Wallace anakanikiza waya pambale ikuzungulira mpaka utsi, panatuluka mizere yakuda. Felesta anatenga chivundikiro kupita nacho kwawo kuti akachijambule ndi msomali wamoto, timano tating'ono ngati ta pamiphika ya ku Dedza.

"Thenga adzaika mikanda yoyera m'mbalemu n'kuvundikira," anamuuza Wallace. "Iwe ukadzavundukula pamaso pa atsibweni ako, mbwenu, ndiye kuti wavomera. Lachisanu ndibwera kudzatenga chivundikirocho."

Mikandayo Felesta anakasankha yekha pamsika. Lachisanu lija Wallace sanabwere. Mwana wochenjera akanadziwira pomwepo.

*

Lachinayi masana kunamveka "Odi, odi kuno!"

Anali mtsikana wamtali, woyera mano, akukankha njinga. Pakaliyala anamangirira kanthu kokulunga m'nsalu. Anagwada patali bwinobwino.

"Monire amama. Pepani ndafika dzuwa lili pamutu, anyamata a chipani anandiimika pachipata cha msika, khadi la chipanilo ndinalisunga pansi chomene m'chikwama. Ndine Rute, NyaMoyo, wa ku Manyamula. Andilozera kuti pano ndi pamene pamakhala mtsikana waganyu wa a Zgambo."

Anaphiri anasiya kusankha nyemba.

"Wa chiyani?"

"Waganyu, amama. Amene amawakokera lamba."

Felesta anali pamphasa, mbaula pambali, msomali uli pamoto. Rute anamasula nsalu ija mosamala ngati akumasula mwana kumbuyo. Mbale ija inatulukira, mizere yakuda ili pomwepo, phula likunyezimira. Maso a Felesta anakwera mpaka m'khosi mwa mlendoyo. Mikanda yoyera.

"Thenga anafika kwathu Loweruka," anapitiriza Rute, akumwetulira. "Mbale yokongola chomene, koma anavundikira ndi mbale yachitsulo yogumuka utoto. Azakhali anga anaseka mpaka misozi. Ndiye Lamulungu, a Wallace atabwera kudzadya nkhuku, ndinawafunsa. Anati chivundikiro chilipo, koma kamtsikana kamene anakapatsa kuti kajambule n'kaulesi, kakuchedwa nacho. Ndiye ndati ndikatenge ndekha, anthu asamandiseke."

Msomali uja unafiira pamakala, palibe anaukhudza.

Anaphiri anadzuka, anatola chivundikiro pamphasa, anachiika pansi n'kuchikhalira.

"Ukuchifuna? Ndidzutse."

"Amama, kodi ndalakwa?"

"Bwera kuno." Anagwira manja a Felesta n'kuwatembenuza, zikhatho kumwamba. "Ona izi. Waganyu amanyamula thobwa la amake kupita nalo kuntchito? Amanyamula mbatata yootcha? Waganyu amamuitanira atsibweni ake kuchokera ku Dedza? Mikanda imene wavalayo ukudziwa anasankha ndani?"

Dzanja la Rute linapita kukhosi. Anayang'ana Felesta kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ndipo kumwetulira kuja kunatha. Anakulunga mbale yake, tsopano mwachangu, n'kuimanga pakaliyala. Sanagwadenso.

"Ine sindikudziwa zimene munkauzana m'chisakasa," anatero akuyang'ana Felesta. "Kwathu thenga anafika. Kwanu anafika?"

"Choka!" anakuwa Anaphiri. "Ukamuuze mphunzitsi wakoyo abwere yekha adzandidzutse!"

Njinga itakhota, Felesta analira. Amake sanamutonthoze.

"Lira msanga umalize. Nyemba izi sizidzisankha zokha."

*

Lachisanu ana ataweruka, Felesta anapita kusukulu kuja. Azakhali ake a Wallace, amene iye ankawatchula ankhazi ndipo ndiwo ankamusungira nyumba, anali kumjigo. Wallace anamupeza m'chisakasa akunola tchizulo pamwala. Atamuona anaimirira, mwala unagwa.

"Fele."

"Musanditchule choncho. Nenani waganyu."

"Khala pansi ndikufotokozere."

"Ndakhala pansi apa chaka chonse, a Wallace. Lero ndiima."

Wallace anapukuta thukuta ndi mkono. Anali mnyamata wa maso ofatsa, wa mawu ozizira, mtundu wa amuna amene akamalankhula umaiwala zimene unabwerera.

"Adada anabwera Lachinayi la sabata yatha. Ankhazi ndiwo anawauza zonse. Adadawo anapeza mbale pawindo, mikanda ili momwemo, anaika m'chikwama. Ukudziwa ng'ombe zimene ndikwatirire si zanga. Zinabwera ngati malowolo a mlongo wanga Cecilia, zili m'khola la adada. Iwo akuti ng'ombe za mwana wawo sizipita kwa Achewa, kumene mwamuna amakakhala ngati mlendo ndipo ana amalamulidwa ndi atsibweni. Rute anamusankha okha."

"Inu pakamwa panali potseka?"

"Ndinapita Lamulungu kuti ndikakane."

"Munakana ndi ntchafu ya nkhuku m'kamwa?"

"Anali atapha kale, Fele! Anthu atasonkhana, akulu a mpingo ali pomwepo. Ndikanatani?"

"Atsibweni anga anakhala pakhonde m'jekete mpaka dzuwa kulowa. Simukanatuma ngakhale mawu? Ndipo ulesiwo? Ine waulesi? Chivundikiro ndinamaliza kale, zala zonsezi ndinapsa nacho."

"Ndinkakuteteza. Ndikanati ndiwe chibwenzi changa, ankhazi akanabwera kwanu kudzatukwana, amayi ako n'kuwabwezera, nkhani n'kufika kwa atcheyamani a chipani. Ukudziwa mphunzitsi akamunenera kumeneko zimatha bwanji."

Felesta anatembenuka kuti azipita. Wallace anamugwira dzanja, chala chake chikusisita pamene panauma chifukwa cha lamba.

"Njira ilipo imodzi. Kwathu kuno timati kusomphola. Mawa dzuwa likapendeka manga zovala zako, tenga chivundikiro, ubwere. Ukangolowa mumpanda mwanga ndi mtolo, mbwenu zatha, ndiwe mkazi wa pano. Adada adzakalipa, koma mwambo udzawakakamiza kutuma uthenga kwanu kuti musafunefune mwana, ali kuno. Ng'ombe zidzatembenuka zokha. Kwa a Moyo sizinapite, kwangopita mbale."

"Mbale yanga."

"Tidzasema ina. Makina awa ndi a ine ndi iwe, Fele. Taona m'maso mwanga. Rute sindimudziwa n'komwe, ndamuona kawiri."

"Ndikabwera, mudzanena pamaso pa ankhazi anu kuti ndine ndani?"

"Pamaso pa Boma lonse. Koma madzulo, wamva? Usabwere m'mawa, ndili ndi tina toti ndikonze."

Mtima wa mtsikana ndi wopusa, tisanamizane. Anapita kumeneko atanola mawu, anabwerako akuganiza za diresi loti akavale.

*

Anaphiri anamuyang'ana Felesta kamodzi kokha akulowa.

"M'tsitsimo muli utuchi."

"Ndinangodutsako, amayi."

"Wakuuza chiyani? Kuti bambo ake ndi ovuta? Onse amatero. Kapena wakuuza zothawitsana za kunozi? Ndinazimva kumjigo, usaganize ndine wogona." Anamuloza ndi chipande. "Tamvera, Felesta. Ine sukulu sindinapite nayo patali, koma mwana wanga sasinthanitsidwa ndi ng'ombe ngati khasu. Kwathu mwamuna wokufuna amabwera pakhomo, amamanga nyumba ndikumuona, akalakwa ndimamuuza. Ng'ombe zawozo adye okha. Tsiku limene udzatuluke pano ndi mtolo, usadzabwerenso. Wamva?"

"Ndamva."

"Chithabwa chija ndachiika pansi pa bedi langa. Akachifuna adzagwada apa."

*

Loweruka m'mawa Anaphiri anavala nsalu ya chipani n'kupita kubwalo la pafupi ndi sukulu, kumene amayi onse ankaphunzira magule a msonkhano. Kumeneko kunalibe kujomba. Anati abwera masana, ndipo madzulo onse akhala pakhomo kusenda chinangwa.

Felesta anaona kuti madzulo sipadzakhala potulukira. Anakwawira pansi pa bedi, anatenga chivundikiro, anachikulunga pakati pa madiresi ake awiri ndi nsalu yatsopano. Anasenza mtolo. Pakhomo anaima pang'ono, anayang'ana mbaula ndi msomali wake, kenako anatseka chitseko.

Anadzera njira ya kuseri kwa chigayo kuti amayi a kubwalo asamuone. Ng'oma zinkamveka chapatali. Koma atayandikira nyumba za aphunzitsi anamva kulira kwina, kumene akanakuzindikira ngakhale ali m'tulo.

Kwee, kwee. Kwee, kwee.

Anaima. Anadziuza kuti ndi mnzake uja wa Wallace. Anadziuzanso kachiwiri. Kenako anakankha chitseko cha mpanda n'kulowa, mtolo uli pamutu.

Wokoka lamba anali Wallace. Anakhala pansi penipeni pamene Felesta ankakhala, miyendo atatambasula, malaya atavula, akukoka dzanja ili kenako ilo. Pachipika panaima Rute, nsalu atamanga m'chiuno, mikanda yoyera ikugwedera m'khosi, tchizulo ili m'manja mwake. Utuchi wofiira unkamuwazikira m'tsitsi, iye akuseka. Mbale ija inali pambali, ndipo chimene ankasema chinali chozungulira, chophwatalala, cha msinkhu wa kukamwa kwa mbaleyo.

"Pang'onopang'ono, NyaMoyo," ankatero Wallace. "Usaope chitsulo. Eya, choncho. Dzanja lako ndi labwino chomene."

Anakweza maso. Lamba anagwa m'manja, chipika chinaima.

"Fele," anatero. "Ndinati madzulo."

Rute anatembenuka. Anayang'ana mtolo, anayang'ana Wallace.

"Madzulo a chiyani?"

Wallace anayang'ana kukhomo la nyumba, kumene ankhazi ake anali atatulukira ndi tsache m'manja.

"Wabweretsa chivundikiro," anatero. "Ndinamuuza kuti abweretse."

Felesta sanalire. Misozi inali itathera pa nyemba Lachinayi. Nkhope ya Wallace, imene ankaiona ngakhale atatsinzina, inaoneka ngati ya munthu wokumana naye m'basi.

"Munati chitsulocho si cha akazi," anatero motsitsa.

Anatembenuka kuti atuluke. Ankafuna chinthu chimodzi chokha, kufika kunyumba amake asanabwere, kubwezera madiresi m'sutikesi, kukhala pamphasa ngati sanapite kulikonse.

Koma ankhazi anali ataima kale pachitseko cha mpanda.

"Chivundikiro chimabwera ndi madiresi?" Anakoka ngodya ya mtolo, diresi labuluu linalendewera. Anakweza mawu kuti nyumba zonse za aphunzitsi zimve. "Bwerani mudzaone, anthuni! Kwathu mwamuna ndiye amasomphola mkazi. Lero mwana wa Achewa wadzisomphola yekha, dzuwa likuswa mtengo!"

Zitseko zinatseguka. Akazi a aphunzitsi anatuluka, ena ndi thovu la sopo m'manja. Ng'oma za kubwalo zinadukiza, kenako zinaleka. Mphekesera pa Boma imathamanga kuposa njinga. Posakhalitsa mpanda wonse unazingidwa ndi nsalu za chipani, mitu ikusuzumira pamwamba pa udzu.

Gulu linapatuka pakati. Anaphiri analowa, thukuta la gule likadali pamphumi, kumbuyo kwawo kuli mayi wamkulu wa amayi a chipani. Ankhazi anasuntha okha.

Felesta anathamangira kwa amake, mtolo unagwa, chivundikiro chinagubuduka mpaka kukaima pamapazi a Wallace.

"Amayi, ndalakwa. Sindikumufunanso. Tiyeni kwathu."

Anaphiri sanamuyang'ane. Anayang'ana madiresi ali m'fumbi. Anayang'ana mitu yonse ija pampanda, akazi a apolisi, a kuchipatala, a kutchalitchi, aliyense ndi pakamwa pake. Anayang'ana Rute ndi tchizulo yake, kenako Wallace, amene ankafunafuna malaya.

"Wakuuza ndani kuti ubwere ndi mtolo?"

Felesta analoza ndi mutu.

"Nena ndi pakamwa, anthu amve."

"A Wallace."

"Iwe mphunzitsi, ukukana? Kana pamaso pa amayi a chipani awa."

Wallace anayang'ana mayi wamkulu uja n'kuweramitsa mutu.

"Amayi, chonde," anatero Felesta akuwakoka nsalu. "Tiyeni kwathu."

"Kwanu kuti? Boma lonse lakuona ndi mtolo mumpanda mwa mwamuna. Ndikutenge ndikakuike pati? Adzakufunsira ndani?" Anamugwira paphewa n'kumukankhira pakhonde la nyumba ya Wallace. "Khala pansi apo. Usadzuke."

Anatola chivundikiro, anachipukuta ndi nsalu yawo, anachiika pansi pakati pa bwalo n'kuchikhalira. Kenako anatembenukira kwa ankhazi.

"Mwati walowa yekha. Chabwino, walowa. Mwambo ndi wanu, si wanga. Tsopano tumani njinga ku Manyamula, mukawauze a Zgambo kuti ng'ombe zija ndikuzidikira pano."